Ndangomaliza buku la Abdulrazak Gurnah, kodi mkulu ameneyu ndi ndani kwenikweni?

Kambalame:

Moni nonse muno. Amene mumatsata za mabuku tandithandizeni. Mnzanga wina anandibwereka buku la Paradise la Abdulrazak Gurnah miyezi itatu yapitayo, linangokhala patebulo kumadya fumbi mpaka sabata yatha pomwe mwini wake anayamba kundilondalonda kuti ndimubwezere, nde ndinati bola ndiliwerenge kaye ndisachite manyazi akandifunsa. Koma abale inu, ndamaliza dzulo usiku ndipo mpaka pano mutu sukugwira. Kamnyamata kaja Yusuf, ka zaka 12 zokha, bambo ake kukapereka kwa munthu wamalonda chifukwa cha ngongole nkukanamiza kuti ukupita ndi ankolo ako a Aziz, kenako zaka zonse zija mu sitolo, ulendo wautali uja wa kumtunda ndi amtengatenga, basi kumapeto penipeni pamene ine ndimati tsopano athawa ndi Amina akayambe moyo wawo, iye nkuthamangira asilikali a Ajeremani omwe aja amawabisalira mu sitolo. Ndinatembenuza peji kuganiza kuti mwina masamba ena anathothoka, ayi ndithu buku lathera pompo.

Nde mafunso anga ndi awa. Munthu ameneyu anakulira kuti ndipo anaona zotani kuti azilemba zoziziritsa nkhongono chonchi koma mofatsa ngati palibe chikuchitika? Pachikuto alembapo kuti anawina Nobel mu 2021, nanga bwanji ine dzina lake sindinalimvepo kusukulu pomwe a Achebe ndi a Ngugi timachita kuwaloweza? Komanso mathero amenewa ndi dala kapena ine ndi amene sindinamve?

Mphunzitsi_Wopuma:

Mwana wanga Kambalame, wafunsa bwino ndipo usadzione ngati mbuli, tsiku lomwe analengeza mphoto ija pa 7 October 2021 anthu ambiri ngakhale ku Tanzania komweko amafunsana kuti ameneyu nde uti. Mwini wakenso atalandira foni yochokera ku Sweden ali kukhitchini kwawo anayesa wina akumuseweretsa.

Kuti umumvetse yambira pa chilumba cha Zanzibar. Anabadwira kumeneko pa 20 December 1948, nthawi imeneyo chilumbacho chili ndi Sultan wake koma chili m'manja mwa Angerezi. Bambo ake anali a bizinesi, a mtundu wochokera ku Yemen, ndipo chiyankhulo chomwe anayamwira ndi Chiswahili. Ufulu unabwera pa 10 December 1963, koma sipanathe ndi milungu isanu yomwe, pa 12 January 1964 kunabuka chipolowe chachikulu, Sultan anathawa, Abeid Karume nkukhala pulezidenti, ndipo mu April chaka chomwecho Zanzibar inaphatikizana ndi Tanganyika nkupanga Tanzania yomwe tikuidziwayi. Chipolowe chimenechi chinali ndi zifukwa zake, anthu akuda ambiri pachilumbapo anali atatopa ndi kukhala pansi pa eni minda ndi eni sitolo, ena mwa iwo agogo awo anali akapolo m'minda yomweyo. Koma mkwiyo ukasefukira susankha, anthu zikwizikwi a mtundu wa Chiarabu ndi amwenye anaphedwa, ena kutsekeredwa, ena kulandidwa nyumba ndi katundu. Gurnah anali ndi zaka 15 akuona zimenezi ndi maso ake. Atafika zaka 18 anazemba nkupita ku England, ndipo sanathenso kuponda kwawo mpaka 1984, pomwe anakawapeza bambo ake atakalamba, patangopita nthawi pang'ono nkumwalira.

Tsono taganiza, mnyamata wachoka kwawo mothawa, wafika dziko lozizira nthawi yomwe azungu ambiri kumeneko anali atayamba kunyansidwa ndi alendo, mu April 1968 ndi pomwe wandale Enoch Powell anayankhula ku Birmingham zonyoza anthu obwera zija ndipo anthu ambiri anamuombera m'manja. Anakhala ku Canterbury, anaphunzira pa Christ Church College, anagwirako ntchito yothandizira m'chipatala, yokankha odwala ndi kukolopa ija, nchifukwa chake mu buku lake lachiwiri Pilgrims Way la 1988 mnyamata wake Daud amagwira ntchito yomweyo mu tawuni yomweyo. Kulemba anayamba ali ndi zaka 21, osati kuti amafuna kutchuka ayi, amangolemba mu kope zomwe amakumbukira za kwawo chifukwa cha kupukwa, zolembazo nkumakula pang'onopang'ono mpaka kusanduka nkhani za anthu ena. Koma buku loyamba, Memory of Departure, linadzatuluka mu 1987 ali ndi zaka 38. Werengera wekha zaka zomwe munthu anakhala akulemba popanda womusindikizira.

Pakatipo anapita patsogolo ndi sukulu, digiri ya udokotala anaitenga pa yunivesite ya Kent mu 1982 ndipo kafukufuku wake anali wa mabuku a ku West Africa, anakaphunzitsako pa Bayero University ku Kano m'dziko la Nigeria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kenako nkubwerera ku Kent komwe anakhala pulofesa mpaka kupuma mu 2017. Ndiye ndi mnzanga wa choko ameneyu, kungoti iye choko chake chinamufikitsa patali kkkk.

Za mathero ndisiyira ena, ndatopa kutayipa ndi chala chimodzi.

Wokayika265:

Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma ine pepani ndili ndi maganizo ena. Munthu anachoka ali ndi zaka 18, wakhala ku England zaka zoposa 50, misonkho amakhoma konko, mabuku onse amalemba mchingerezi, owasindikiza ali ku London, ndiye mphoto ikabwera tonse tiziimba nthungululu kuti Africa yawina? Yawina chani? Anthu a ku Zanzibar omwe amawalembawo ambiri samatha kuwerenga mabuku akewo, Paradise yemweyu anadzamumasulira mu Chiswahili mu 2022, Nobel atabwera kale, patatha zaka 28 chitulukireni. Ngugi wa Thiong'o analimba mtima kusiya chingerezi nkumalemba mu Chikikuyu, anamangidwapo chifukwa cha sewero la m'chiyankhulo cha kwawo, chaka ndi chaka anthu amati ulendo uno ndi wake mpaka wamwalira mu 2025 osaigwira mphotoyo. Ine ndimaona ngati azungu amakonda wolemba wa ku Africa amene amayankhula motsitsa mawu, osawaloza chala kwambiri. Ndayesapo kuwerenga By the Sea ndinalekera panjira, nkhani yake imayenda ngati kamba.

Che_Mlendo:

Achimwene a Wokayika, za Ngugi zo sindikutsutsani, nanenso zinandiwawa. Koma zoti Gurnah saloza chala ndiye ayi, kungoti iye chala chake chimaloza mbali zonse, nchifukwa chake ena samasuka naye.

Ndiyambe ndi funso la a Kambalame poti ndi lomwe landikoka. Ine ndine Msilamu ndipo nditangoona dzina loti Yusuf ndi momwe aliyense m'bukumo akumuyamikira kukongola ndinadziwiratu komwe tikupita. Nkhani ya Yusuf ili mu Surah 12 ya Qur'an, anzathu achikhristu mumaidziwa ngati ya Yosefe mu Genesis, mwana wogulitsidwa ndi abale ake enieni, nkukakulira m'nyumba ya munthu wolemera, mkazi wa bwanayo nkumufuna. Mu Qur'an muli kanthu kena kamene mu Genesis mulibe, malaya aja amang'ambika chakumbuyo ndipo umenewo ndi umboni woti mnyamatayo amathawa, sanali iye woyambitsa. Tabwererani ku chaputala chomwe mayi a m'nyumba ya Aziz aja amamukoka Yusuf, muona malaya ang'ambika chakumbuyo chimodzimodzi. Ndiye wolembayu akusewera ndi ife amene tikuidziwa nkhaniyo, tikudikira kuti monga Yusuf wa m'buku loyera uja anatuluka m'ndende nkukhala nduna yaikulu ya Iguputo, bambo ake nkumupezanso, uyunso zimuyendera. Koma uyu palibe Farao womukweza, za makolo ake amangomva kuti bambo anamwalira mayi anasamuka osadziwika komwe ali, Amina ndi mkazi wa Aziz kale ndipo iyenso anabwera m'nyumbamo ngati chikole. Nde mumati athawire kuti? Kwa ine mathero aja ndi dala ndithu. Mwana amene anapinyolitsidwa ali wamng'ono sadziwa moyo wina koma wokhala ndi mwini wake, tsono ataona kuti mphamvu za Aziz zikutha ndipo kwabwera bwana wamkulu kuposa uja, mapazi ake amangomutengera komweko. Mukumbukirenso mkulu wosamala munda wamaluwa uja, Mzee Hamdani, amene anapatsidwa ufulu nkuukana, amati ufulu si chinthu choti munthu wina angakupatse ngati mphatso. Yusuf anamumva mkuluyo koma sanapeze pogwira.

Apa ndi pomwe ndikusiyana ndi a Wokayika. Mabuku ambiri omwe tinawerenga kusukulu amayamba ndi mudzi wabata, kenako mzungu wafika zinthu nkusokonekera. Gurnah akuti ayi, m'mbali mwa nyanja ya mchere kuja kunali kale dziko lina lathunthu mzungu asanabwere, zombo zimayenda ndi mphepo ya nyengo kuchokera ku Arabia, Persia ndi India, kunali Aswahili, Aarabu, amwenye obwereketsa ndalama, Asomali, anthu a kumtunda, onse akugulitsana, kukwatirana, kunyozana ndi kugwirana ukapolo. Samabisa zoti Asilamu anzanga a kugombe amawaona anthu a kumtunda ngati nyama zakutchire, samabisanso nkhanza za mfumu Chatu ija inalanda katundu wa ulendo wonse. Kenako Mjeremani akubwera ndi mfuti zake kudzagwira onsewo pakhosi. Munthu amene mtundu wake unaphedwa mu 1964 akanatha kulemba mabuku ongodzimvera chisoni, koma iye anayamba ndi kuulula zonyansa za kwawo komwe. Kumeneko si kuyankhula motsitsa mawu achimwene.

Anthu ophunzira amakonda kunena kuti ulendo wa kumtunda uja ukuyankha Heart of Darkness ya Joseph Conrad, poti kumenekonso kuli ulendo wolowa mkati mwa Africa, kungoti uku oyendawo si azungu ndipo anthu okumana nawo ali ndi mayina ndi pakamwa. Mwina nzoona, munthuyu waphunzitsa mabuku a chingerezi moyo wake onse, koma ine khutu langa limamva kwambiri za kumadrasa ndi nthano za Alfu Lela Ulela, zija za Chiarabu za usiku 1001, zomwe ana a ku Zanzibar amakula nazo, nkhani mkati mwa nkhani inzake, amalonda atakhala pakhonde usiku kumanamizana za maiko akutali.

Nachisale_22:

Ine ndingoyankhako a Wokayika pa By the Sea, chonde achimwene kalitengeninso. Nanenso poyamba linanditopetsa koma linadzandigwira pakati. Mdala uja Saleh Omar akutsika ndege pa Gatwick ndi pasipoti ya dzina la munthu wina, wanyamula kabokosi ka lubani basi, ndipo akunamizira kuti sadziwa chingerezi chifukwa anamulangiza kuti ukatero savuta kukulandira, pomwe mkuluyo chingerezi amachidziwa mwina kuposa ofesala akumufunsayo, nde iwe owerenga ukumva zonse zomwe akuganiza uku iye ali duu. Ofesala uja nkumulanda ka lubani kaja. Ndinalira ine pamenepo, kanthu kochepa koma ndi fungo lokhalo la kwawo lomwe anatsala nalo. Kenako womasulira amene akumupezera, Latif, ndi mwana wa munthu yemwe dzina lake mdalayu waba, ndipo mabanja awiriwa anadana kalekale ku Zanzibar chifukwa cha nyumba yomwe inapita pa ngongole.

Mwaona ngongole yabweranso? Ine ndawerenga mabuku ake anayi ndipo chomwe ndinaona nchoti mkuluyu nkhani yake yaikulu si atsamunda kwenikweni, ndi zinsinsi za m'banja. Ngongole, manyazi, bambo amene wangosiya kuyankhula, mayi amene akudziwa chinachake koma sanena, mwana wotumizidwa kukakhala kwa achibale olemera nkumakagwira ntchito ngati wantchito. Mu Gravel Heart ya 2017 mnyamata Salim amakula osadziwa chomwe bambo ake anachokera pakhomo nkukakhala mu kachipinda kuseri kwa sitolo ngati wozungulira mutu, mayankho amadzawapeza atakula, ndipo nkhani yake anaitenga ku sewero la Shakespeare la Measure for Measure, ija ya munthu waudindo amene amauza mkazi kuti ndigone nawe kuti mchimwene wako atuluke. Ndale zilimo inde koma zimalowera pakhomo la kuseri, umangoona momwe zaphwanyira banja limodzi. Olo buku lake latsopano Theft la 2025 mulinso kamnyamata Badar kotumizidwa kukagwira ntchito m'nyumba ya eni ku Dar es Salaam. Zaka zonsezi akuzungulirabe pa mwana wopatsidwa kwa eni.

Zoti amayenda ngati kamba zo nzoona, osakana. Si buku lowerenga uku ukuyang'ana mauthenga pa foni.

Wokayika265:

Chabwino achemwali ndikaliyesanso, koma funso langa la chiyankhulo palibe wandiyankha. Komanso a Che_Mlendo mukuti anaulula za kwawo, eya, koma anaululira ndani? Amene amagula mabukuwo ndi a ku London omwewo.

Mphunzitsi_Wopuma:

Ndapumako, ndabweranso. A Wokayika funso lanu ndi lakale kuposa inuyo, linakambidwa kale ku msonkhano wa alembi pa Makerere ku Kampala mu 1962 ndipo mpaka lero silinathe. Achebe anasankha chingerezi nkuchipinda kuti chinyamule miyambi ya kwawo, Ngugi anati ayi tibwerere ku zathu. Gurnah nkhani imeneyi amaidziwa bwino kwambiri, analembapo za Ngugi, anasonkhanitsa mabuku awiri a Essays on African Writing m'zaka za m'ma 1990, wathandizanso nthawi yaitali pa magazini ya Wasafiri, dzina lomwe ndi la Chiswahili lotanthauza apaulendo. Iye sukulu yake yonse yowerenga mabuku inali mchingerezi ndipo anayamba kulemba ali pakati pa Angerezi, ndiye chinabwera m'manja ndi chimenecho. Koma taonani momwe amachitira, mawu a Chiswahili ndi Chiarabu ali mbwee m'mabuku mwake, mnyapara, rehani, seyyid, ndipo wakhala akukangana ndi osindikiza amene amafuna kuwachotsa kapena kuwapendeketsa zilembo kuti aoneke achilendo. Sindikunena kuti zimenezi zikuthetsa dandaulo lanu ayi. Nzomvetsa chisoni ndithu kuti Peponi, lomwe ndi Paradise mu Chiswahili, linachita kudikira Nobel kuti a Mkuki na Nyota a ku Dar es Salaam alitulutse, womasulira wake ndi mayi Ida Hadjivayanis amenenso ndi ochokera ku Zanzibar. Koma mlandu umenewo sindingausenzetse wolemba yekha, kumasulira buku kumafuna ndalama ndi ogula.

Zoti a ku London amamugula kwambiri nazonso si zoona kwenikweni. Paradise inafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya mabuku ya Booker mu 1994 koma sinawine, ndipo kuchokera apo munthuyu amangolemba mwakachetechete uku akuphunzitsa, ogula ochepa, moti Nobel itabwera mabuku ake ambiri samapezeka m'masitolo, ku America buku lake la Afterlives linali lisanapeze nkomwe wolisindikiza, linadzatuluka kumeneko mu 2022. Nchifukwa chake Kambalame sunamumve kusukulu, olemba silabasi amatenga mayina omwe ali kale pakamwa pa anthu. Anailandira mphotoyo ali ndi zaka 72, munthu wakuda woyamba chilandirireni Toni Morrison mu 1993, ndipo kwa akuda a mu Africa muno womaliza anali Wole Soyinka mu 1986. Chaka chimenecho chinali chokoma ndithu, Damon Galgut wa ku South Africa anatenga Booker, Mohamed Mbougar Sarr wa ku Senegal anatenga Goncourt ku France, mayi Paulina Chiziane a ku Mozambique nkutenga Camões.

Tsono Kambalame, poti mathero akukusowetsa tulo, kasake Afterlives ya 2020. Patatha zaka 26 mkuluyu anabwerera pomwe anakusiya paja. Dzina lasintha, mnyamata wake ndi Hamza, koma akamadzafotokoza mbiri yake yoti bambo ake anamupereka kwa wamalonda chifukwa cha ngongole ndipo anathawa nkulowa usilikali wa Ajeremani, udzamuzindikira wekha. Mmenemo ndi momwe muli nkhondo yeniyeni, gulu lija la Schutztruppe lomwe maofesala anali Ajeremani koma ogwira mfuti ndi anthu akuda, omwewo anazimitsa kuukira kwa Maji Maji kuyambira 1905 mpaka 1907 pootcha minda ndi nkhokwe kuti anthu afe ndi njala, kenako nkhondo ya 1914 mpaka 1918 yomwe kuno kwathu inafikanso, paja ku Karonga kunamenyedwa nkhondo mu September 1914 ndipo agogo athu ambiri anatengedwa utengatenga. Funso lomwe limamuvuta Gurnah ndi lomwe lakuvuta iwe, munthu wakuda amalowa bwanji gulu la omwe akupha abale ake, ena mpaka kumanyadira yunifolomu. Muli wina Ilyas amene anawakonda Ajeremani mpaka kuwatsatira kwawo, zomwe zinamuchitikira kumeneko sindikuuza.

Kambalame:

Eee zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mundipatsa kalasi yonse yaulere. A Che_Mlendo za malaya zija ndabwerera ndapezadi, ang'ambika chakumbuyo, ine ndinangodutsapo osaona kanthu. Komabe mtima wanga sunavomere, ndikanakonda akanangothawa yekha olo opanda Amina, kupita kulikonse koma osati kumeneko. Aphunzitsi Afterlives ndiisaka, kungoti mwandiopseza ndi za Ilyas zo. Mnzanga uja ndamuuza kuti buku lake alipeza sabata ya mawa, ndikufuna ndiwerengenso chaputala cha Mzee Hamdani kaye.

Nachisale_22:

Kkkk bwezani buku la eni a Kambalame, mungapinyolitsidwe nanunso. Mukamaliza Afterlives mudzatiuze ngati Afiya simunamukonde kuposa anthu onse m'bukumo, ine mtsikana ameneyo pomwe anamuthyola dzanja chifukwa choti wadziwa kulemba ndinatseka buku kaye nkutuluka panja.